Kalata yodindidwa sazemba nayo

Ngati bwalo la mpira kwanuko layamba kudulidwa mapuloti, kapena ana asukulu akuwoloka msewu wopanda mahampu, musangodandaula pamaliro kapena pagulu la WhatsApp. Zolankhula pakamwa khansala amaziiwala akangokwera galimoto.

Lembani kalata yaifupi kwa khansala wanu, ina kwa mkulu wa khonsolo. Nenani vuto limodzi lokha, malo ake enieni, ndi tsiku lomwe mukufuna yankho. Anthu angapo asayine, amfumu nawonso. Pokapereka nyamulani makope awiri, akudindireni limodzi mubwerere nalo kunyumba. Apa ndiye ambirife timaphonya: timasiya kalata kwa mlembi n'kumapita, mawa lake akuti sanaione.

Pemphaninso kuona mapu a dera lanu, mudziwe ngati malowo anasiyidwira masewera, ngalande kapena msewu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi aboma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho simukupempha chifundo ayi. Akangoti zii, kadandauleni ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, kope lodindidwa lija lili m'manja.