Musanagule The Last of Us Part II, dziwani izi

Amene mukufuna gemuyi ya PlayStation 4 (PS4) kuno ku Salima, yambani mwaona ngati m'bokosi muli madisiki awiri. Yolembedwa Data Disc ndiyo yoyamba kulowetsa, ndipo musiyiretu malo okwana 100GB. Wina akakugulitsani yogwiritsidwa kale ntchito ili ndi disiki imodzi, isiyeni.

Gemuyi inatuluka mu 2020, ndipo kukoma kwake kuli pozemba adani, chifukwa zipolopolo n'zochepa. Ma Clicker, adani omwe ndi anthu osanduka zilombo chifukwa cha matenda, saona koma amamva, ndiye yendani chonyang'ama, muponye botolo kapena njerwa kutali kuti athamangire komweko. Agalu ndiye ovuta: amatsata fungo lanu, mukakhalitsa mu udzu akupezani. Mumasewera ngati atsikana awiri, Ellie ndi Abby. Mpeni wa Ellie suthyoka, pomwe wa Abby umathyoka ndipo amachita kupanga wina, choncho musamwaze zipangizo.

Pofooka pake ndi kutalika. Nkhani imadya maola oposa 20, ndipo pakati imakusamutsirani kwa Abby, luso n'kuyambanso kulikweza. Ena amagwa ulesi pomwepo. Gemuyi ndi yosewera munthu mmodzi, moti a mashopu a magemu ku Kamuzu Road singakubwezereni ndalama ngati ya mpira. Ana ayi, nkhanza zachulukamo.

Kukatentha mu Okutobala fani ya PS4 imachita kulira. Ikani PS4 popita mphepo, muzipukuta fumbi m'mabowo ake.