Akuonongerani foni kokonzetsa, mutani?

Musanayambe khalani ndi lisiti, ngati sanakupatseni ndiye meseji ya Airtel Money kapena Mpamba yoonetsa kuti munalipira, komanso nambala ya IMEI (nambala yozindikiritsa foni yanu), imatuluka mukaimba *#06# kapena onani pa bokosi lake.

1. Ijambuleni foniyo ndi foni ina, vuto lizioneka bwinobwino, kaya ndi sikirini yachita mizere kaya siikutchajanso.

2. Bwererani konko msanga, mukumane ndi mwini shopu osati kamnyamata kapakauntala. Akonzenso mwaulere kapena abweze ndalama, mugwirizane tsiku.

3. Zomwe mwagwirizanazo mutumizireni pa WhatsApp ayankhe, zapakamwa amakana mawa lake.

4. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: kupsa mtima n'kukaipereka kwa wokonza wina. Akangoitsegula winayo basi mlandu wafooka, woyamba uja azingoti waononga ndi mnzakeyo ndipo mulibe pomugwirira. Isungeni momwe ilili.

5. Akamakuzungulitsani kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, mutenge umboni wonse uja. A bungwe la Consumers Association of Malawi (CAMA) nawo amathandiza ogula.

6. Zikakanika, kasumeni kukhoti la majisitireti, makamaka ngati anakusinthirani batire kapena sikirini yoyambirira n'kuikamo yafeki.