Momwe mungatetezere mafayilo omwe sanafike pa intaneti mu foda yogawana

M'nyengo yozizira yapitayi, mnzathu wina wa ku ntchito anabwerako ku Rumphi komwe anatha masiku anayi akucheza ndi alimi. Anafika mu Mzuzu madzulo, kukuwaza kamvula kathu kaja, ndipo asanapite kunyumba ku Chibavi anayamba wadzera ku ofesi. Anasamutsira zonse mu foda yomwe timagwiritsa ntchito tonse: zithunzi, mawu omwe anajambula, ndi fayilo ya Excel ya mayankho a alimiwo. Laputopu inali pa hotspot ya foni. Ataona mafayilo ali ndandanda mu fodamo, anatseka laputopu n'kumapita. Sanadziwe kuti bandulo inali itatha kale.

M'mawa mwake wotiyang'anira, ali ku Lilongwe, anatsegula foda yomweyo, napeza kafoda ka Rumphi kali mbee, ndipo anakafufuta pokonza zinthu. Sanalakwe, chifukwa kumbali yake munalibedi kanthu. Mnzathu uja atagula bandulo ina, kafodako sanakaonenso.

"Achimwene, tabwerani mudzaone, zinthu zanga zija kulibe," anandiitana, chala chikunjenjemera pa mausi.

Tinasakasaka mpaka dzuwa kupendeka. Zambiri tinazipeza, koma mawu a alimi awiri anapita, ndipo mu foni anali atawachotsamo kale. Chomwe chimandipweteka mpaka lero n'choti mphindi zisanu zokha zikanapulumutsa zonsezo.

Muyambe mwamvetsa ichi

Kuona fayilo mu foda ya Google Drive, OneDrive kapena Dropbox pa kompyuta yanu sikutanthauza kuti yafika pa intaneti. Imayamba yakhala pa kompyutapo kudikira kuti pulogalamu iyikweze, ntchito yomwe timaitcha sync ija. Isanakwere, ilipo imodzi yokha padziko lonse. Anzanu sakuiona, ndipo ikasowa simungaipeze mu Trash ya pa intaneti, popeza kumeneko sinafikeko n'komwe.

Komanso sync imatumiza uthenga mbali zonse ziwiri. Wina akafufuta, akasuntha foda, kapena akakuchotsani pa anthu ololedwa kulowamo, kompyuta yanu imamvera ikangopeza netiweki. Foda yogawana ili ngati nkhokwe yomwe makiyi ake ali ndi anthu khumi. N'chifukwa chake masitepe otsatirawa onse akuzungulira pa mfundo imodzi: fayilo yanu ikhale ndi malo ena omwe ndinu nokha mumawakhudza.

1. Gwirirani ntchito kunja kwa foda yogawana

Pangani foda yanuyanu pa kompyuta, muitche "Ntchito yanga" kapena dzina lina lililonse. Onetsetsani kuti ili pamalo pomwe sync sifika. Pa Windows samalani, chifukwa OneDrive nthawi zambiri imatenganso Desktop, Documents ndi Pictures. Njira yosavuta ndi kutsegula This PC, kulowa mu C: n'kupanga fodayo momwemo.

Chilichonse chochokera mu foni, kamera kapena fulashi chiyambe chafikira mmenemo. Kenako mukamapititsa ku foda ya gulu, dinani Copy osati Cut. Apa ndi pomwe mnzathu anagwera. Cut imachotsa fayilo komwe inali, ndiye mumatsala ndi imodzi yokha, yomwenso ili pamzere wodikira. Musafufute za mu foni kufikira mutachita sitepe yachitatu.

Ogwiritsa ntchito Google Drive ya pa kompyuta adziwe kuti G: yomwe amaiona ija si disiki yeniyeni. Pulogalamuyo ikakhala pa Stream files, mafayilo odikira kukwera amasungidwa mu foda yobisika, ndipo mukatuluka mu akaunti akhoza kupita nayo limodzi. Ngati muli ndi malo okwanira pa disiki, Mirror files ndi yabwinopo kwa ife a netiweki yodukaduka, chifukwa mafayilo a mu My Drive amakhala mu foda wamba yomwe mumaiona ngakhale pulogalamu itatsekedwa.

2. Phunzirani kuwerenga tizizindikiro

Pa OneDrive fayilo iliyonse ili ndi kachizindikiro pambali. Kamtambo kabuluu kakutanthauza kuti fayilo ili pa intaneti pokha, pa kompyuta palibe. Kachongi kobiriwira kakutanthauza kuti ili konse kuwiri. Timivi tiwiri tozungulira tikutanthauza kuti idakali panjira. Kamtanda koyera mu kabwalo kofiira ndiye kuti yakanika, ndipo sikwera yokha mpaka mutachitapo kanthu.

Pa Google Drive ndi Dropbox, dinani kachizindikiro ka pulogalamu pansi kumanja pafupi ndi wotchi. Pamatuluka mndandanda wa zomwe zakwera ndi zomwe zikudikira. Musatseke laputopu pamene pakulembedwa kuti ikukwezabe.

3. Katsimikizeni kumbali inayo

Iyi ndiye sitepe yomwe ndimaikakamira kwambiri, chifukwa tizizindikiro nthawi zina timachedwa kusintha. Tsegulani browser, lowani pa drive.google.com, onedrive.com kapena dropbox.com, n'kupita mu foda yomweyo. Kapena tsegulani pa foni. Werengani: ngati munaika zithunzi 46, muone 46. Tsegulani fayilo imodzi yaikulu, ndipo pa Excel kapena Word yang'anani mzere womaliza womwe munalemba. Tsiku ndi nthawi ya fayilo zigwirizane ndi za pa kompyuta yanu.

Ngati ntchitoyo ndi yofunika, monga lipoti lopita kwa opereka thandizo kapena chaputala cha kafukufuku wanu wa pa Mzuni, tumizani uthenga kwa mnzanu pa WhatsApp kuti atsegule kumbali yake. Akati waiona, ndiye yafikadi. Apo m'pamene mungafufute za mu foni.

4. Dziwani zomwe zimaimitsa sync mwakachetechete

Zambiri mwa izi zimatigwira ife amene timadalira bandulo ya Airtel kapena TNM osati Wi-Fi ya pa ofesi.

OneDrive imaima yokha Windows ikaona kuti intaneti yanu ndi yowerengera ma MB, yomwe imaitcha metered, ndipo hotspot ya foni nthawi zina imaonedwa choncho. Imaimanso laputopu ikalowa mu battery saver. Taganizani: magetsi athima ku Luwinga, batire latsika, muli pa hotspot. Zifukwa zonse ziwiri zakumana, ndipo inu mukungolemba osadziwa kuti palibe chikukwera. Dinani kamtambo pafupi ndi wotchi, lowani mu Settings, ndipo pa Sync and backup mupeza pozimitsira zonse ziwiri. Ngati mukusunga bandulo, zisiyeni choncho, koma muzikumbukira kudina Resume syncing nokha mukamaliza ntchito.

Pa foni ya Android, Google Drive ili ndi potsekera polembedwa Transfer files only over Wi-Fi. Pakakhala poyatsa, zithunzi zanu zidzadikira Wi-Fi ngakhale sabata yonse.

China ndi kudzaza kwa malo. Akaunti yaulere ya Google ili ndi 15 GB, ndipo Gmail ndi Google Photos zimadya pomwepo. OneDrive yaulere ndi 5 GB, Dropbox 2 GB. Kawerengedwe kake mu foda yogawana kamasiyana, ndipo ambiri sadziwa. Pa Google Drive wamba, fayilo imadya malo a yemwe waikweza. Pa OneDrive imadya a mwini foda, choncho malo ake akadzaza, nonse mwaima. Pa Dropbox yaulere foda yonse imawerengedwa kwa aliyense amene ali mmenemo, moti mnzanu akaponyamo mavidiyo a msonkhano, akaunti yanu yadzaza inu osaikamo kanthu.

Maina a mafayilo nawonso amavutitsa. OneDrive imakana dzina lokhala ndi zizindikiro monga : ? * kapena /, ndiponso mafoda olowana kwambiri okhala ndi maina ataliatali. Tsiku lembani chonchi: 2025-03-14. Pomaliza, fayilo yomwe ili yotsegula mu pulogalamu ina ikhoza kudikira mpaka mutaitseka.

5. Popita kumudzi ndi pobwerako

Musananyamuke ulendo wa ku Mzimba kapena m'mapiri a Nkhata Bay, tsitsirani pa kompyuta zomwe mukagwiritse ntchito. Dinani fayilo ndi batani lakumanja la mausi: pa OneDrive sankhani Always keep on this device, pa Google Drive Available offline. Zimitsani intaneti n'kuyesa kutsegula musanachoke.

Pobwerako m'pamene pali ngozi. Masiku onse munali kutali, anzanu akhala akusintha zinthu, ndipo zonsezo zidzagwera pa kompyuta yanu nthawi imodzi. Choncho musanalumikize intaneti, koperani zonse zatsopano ndi zomwe munasintha, muziike mu "Ntchito yanga" komanso pa fulashi. Mukatero lumikizani. Fulashiyo isamagone mu chikwama chimodzi ndi laputopu. Chikwama chikasowa pa depoti, zonse zapita pamodzi.

Mukaona mafayilo awiri ofanana dzina, musathamangire kufufuta imodzi. Dropbox imalemba conflicted copy pa dzinalo, ndipo OneDrive imawonjezera dzina la kompyuta yanu kumapeto. Zikutanthauza kuti anthu awiri munasintha fayilo imodzi, ndipo ntchito yanu ili mu imodzi mwa ziwirizo. Tsegulani zonse, phatikizani, kenako muchotse yotsalayo.

6. Gwirizanani ngati gulu

Si aliyense akufunika mphamvu za Editor, zosinthira ndi kuchotsera zinthu mu foda. Amene amangowerenga apatseni Viewer. Ife titaluza mawu aja tinagwirizana zinthu zitatu, ndipo zikutithandiza. Palibe amene amafufuta kanthu. Chomwe chaoneka chosafunika chimapita mu foda yotchedwa "Zakale", ndipo munthu mmodzi yekha ndiye amaisesa pakutha pa mwezi. Foda yooneka yopanda kanthu simaikhudza musanamufunse amene anaipanga. Ndipo wofuna kusintha maina a mafoda, kuwasuntha, kapena kuchotsa munthu, amalengeza pa gulu la WhatsApp n'kudikira aliyense ayankhe kuti zake zakwera.

Lomalizali likukhudzanso amene akusiya ntchito kapena kumaliza sukulu. Akaunti ya ku ntchito kapena ya ku yunivesite si yanu, ndipo ikatsekedwa sync imaima pomwepo. Tsimikizani ndi kukopera zanu tsikulo lisanafike.

7. Zikasowa, musapupulume

Choyamba imitsani sync. Mapulogalamu onse atatu ali ndi Pause. Musatuluke mu akaunti, musachotse pulogalamu kuti muikenso, ndipo musayendetse mapulogalamu osesa disiki aja. Mu November 2023, mtundu 84 wa Google Drive ya pa kompyuta utasowetsa mafayilo a anthu ena, malangizo a Google anali omwewa: osadina Disconnect account, osafufuta kapena kusuntha foda ya DriveFS. Mafayilo osakwera amakhala mmenemo.

Kenako sakani motere. Yambani ndi Recycle Bin ya pa kompyuta. Ngati ndi Google Drive pa Windows, lembani %LOCALAPPDATA%\Google\DriveFS pamzere wa pamwamba mu File Explorer. Koperani foda yonseyo ku disiki ina musanakhudze kanthu, kenako yang'anani kafoda kotchedwa lost_and_found, komwe pulogalamuyo imaika mafayilo omwe yalephera kukweza. Pa Word ndi Excel, dinani File, Open, kenako Recover Unsaved Documents kapena Recover Unsaved Workbooks.

Ngati fayilo inakwera kale wina asanaifufute, mwayi ndi waukulu. Trash ya Google Drive imasunga masiku 30, chimodzimodzi Dropbox yaulere ndi OneDrive ya munthu payekha, pamene OneDrive ya ku ntchito kapena ku sukulu imasunga masiku 93. Funsaninso mwini foda ayang'ane kwake. Pa Google Drive, mwini foda akaifufuta, mafayilo omwe munakweza inu amatha kutsala opanda foda. Lembani is:unorganized owner:me posakira ndipo adzatuluka. Ngati wina analemba pamwamba pa ntchito yanu, dinani fayilo ndi batani lakumanja n'kupeza Version history kapena Manage versions. Musachedwe, chifukwa Google imasunga zakale za mafayilo ngati a PDF ndi zithunzi kwa masiku 30 okha, pokhapokha mutasankha Keep forever.

Laputopu ikakana kuyaka n'kufunika kupita nayo kwa okonza m'tauni, auzeni momveka musanaisiye: "Achimwene, musaifomate, muli zinthu zomwe sizinakwere." Ambiri akamva kuti mumagwiritsa ntchito Google Drive amaganiza kuti zonse zili pa intaneti, n'kuikamo Windows yatsopano. Apempheni ayambe akopera mafayilo anu pa disiki ina, kuphatikizapo foda yobisika ya AppData, ndipo mudzaone ndi maso anu asanapitirize.