Kugona mofunda malaiti akathima

Mwafunsa, amayi, kuti ana agone bwanji mofunda kuno ku Lusaka m'Juni ndi m'Julayi malaiti akathima.

Choyamba, tsekani mawindo dzuwa lisanalowe, ndipo pansi pa chitseko tsekanipo ndi chitenje chakale, mphepo imalowera pomwepo. Kenako yalani mphasa kapena makatoni pansi pa matiresi, chifukwa simenti imayamwa kutentha kwa thupi. Thirani madzi otentha koma osawira m'botolo, mulikulunge m'nsalu, muike kumapazi. Ana avale masokosi ndi zipewa, agone chipinda chimodzi.

Koma mbaula, chonde, otherani pakhonde, musagone nayo m'nyumba. Malasha amatulutsa mpweya wapoizoni wosanunkha, munthu amangogona osadzukanso. Wina akamva mutu ndi chizungulire, mutulutseni panja msanga, muthamange naye kuchipatala.