Mmene mungaperekere kashiamu kwa nkhuku zoikira mazira pakhomo

Mukapita kukatola mazira n'kupeza lina laphwanyikira m'chisa, kapena chala chanu chaboola khoko mutangoligwira pang'ono, kapenanso dzira latuluka lopanda khoko, lokutidwa ndi kachikopa kofewa kokha, chinthu choyamba kukayikira ndi kuperewera kwa kashiamu, umodzi mwa michere ya m'thupi umene umalimbitsa mafupa ndi makoko a mazira. Khoko la dzira pafupifupi lonse, magawo 94 kapena 95 pa magawo 100, ndi kashiamu kaboneti, ndipo m'khoko limodzi muli kashiamu wokwana magalamu 2. Popeza thupi la nkhuku silitenga kashiamu yense amene yadya, thadzi loikira limafunika kudya magalamu pafupifupi 4 tsiku lililonse. Chimanga, tirigu ndi mbewu zina za mtundu umenewo zili ndi kashiamu wochepa kwambiri, kotero nkhuku yodalira mbewu, zotsala za kukhitchini ndi zimene yadzipalasira ikhoza kukhuta bwinobwino koma n'kumaperewera chimene ikufunika kuti iumbe khoko.

Musanagule chilichonse, yambani mwaona chakudya chimene mukuzipatsa kale. Chakudya chogula cha nkhuku zoikira, chimene ambiri amachitcha layers mash, nthawi zambiri chimakhala ndi kashiamu wapakati pa 3.5 ndi 4.5 peresenti, ndipo thadzi lodya magalamu 110 mpaka 120 a chakudyachi patsiku limapeza pafupifupi zonse zimene likufuna. Vuto limayamba pamene chakudyacho tachisakaniza ndi mbewu kuti chikhalitse, kapena pamene nkhuku zayamba zakhuta zotsala ndi zomera za pabwalo n'kumangojompha pang'ono cha m'mbale. Nkhuku za pakhomo zambiri zimakhala motere, n'chifukwa chake zimafunika kashiamu woonjezera.

Kuti mumvetse chifukwa chake kaperekedwe kali ndi ntchito yaikulu, ganizirani nthawi imene dzira limapangika. Dzira limodzi limatenga maola 24 mpaka 26 m'thupi la nkhuku, ndipo maola pafupifupi 20 mwa amenewa limakhala m'chiwalo chimene chimaumba khoko. Thadzi loikira m'mawa ndiye kuti laumba khokolo usiku, lili gone pamtanda, nthawi imene silikudya kanthu. Kashiamu wa ufa amene inadya masana amakhala atadutsa kale m'matumbo, ndipo thupi likasowa pogwira limakatapa m'mafupa. Thadzi lili ndi nkhokwe yake ya kashiamu m'kati mwa mafupa ena, imene imayamba kudzaza masabata pafupifupi awiri lisanaikire dzira loyamba, koma nkhokweyi ndi yaing'ono, ndipo ikamatapidwa usiku uliwonse osabwezeretsedwa, mafupa enieniwo amayamba kufooka. Mudzaona nkhuku ikuyenda motsimphina, ikukhalira pansi nthawi yaitali, kapena ikuvutika kutulutsa dzira, chifukwa minofu yokankha dzira nayonso imadalira kashiamu.

Apa ndi pamene tizidutswa tokulirapo timaposera ufa. Tizidutswa ta mamilimita 2 mpaka 4, tokula ngati kambewu ka mpunga kapena kuposerapo pang'ono, timatsakamira m'nthutumba n'kumasungunuka pang'onopang'ono usiku wonse, kotero khoko limaumbidwa ndi kashiamu wochokera m'chakudya, mafupa n'kupuma. Zinthu ziwiri zodalirika ndi zigoba zophwanya za nkhono za m'nyanja zotchedwa oyisitara, ndi miyala ya laimu yophwanya yokonzedwera chakudya cha ziweto. Zonse ziwiri zili ndi kashiamu wapafupifupi 38 peresenti, kutanthauza kuti magalamu 10 amapereka kashiamu wotsala pang'ono kukwana magalamu 4. Pogula laimu samalani kwambiri. Laimu wootcha amene amamangira kapena kupaka nyumba amawotcha kukamwa ndi m'mimba, ndipo sayenera kuyandikira mbale ya nkhuku. Laimu wa mtundu wa dolomite, amene ena amathira m'munda, ali ndi maginiziyamu wochuluka amene amalepheretsa thupi kutenga kashiamu bwino, choncho nayenso musiyeni.

Kaperekedwe kake n'kosavuta: ikani tizidutswato m'mbale yapayokha, ndipo musasakanize m'chakudya cha khola lonse. Pezani kambale kolemera kosagubuduzika, kapena khomererani kachitini pakhoma la khola pamsinkhu wa chifuwa cha nkhuku, pamalo osafika mvula, kuti zisapalasiremo zinyalala kapena kuchitiramo zitosi. Thirani zodzaza manja awiri, n'kumaonjezera zikachepa. Thadzi loikira limadziwa lokha nthawi imene thupi lake likufuna kashiamu, ndipo mukakhala tcheru mudzaliona chakumadzulo, lisanakwere kokagona, likupita pakambale paja n'kutola tizidutswa tingapo, pamene tambala akungodutsa osacheuka n'komwe. Musadandaule ngati mbaleyo yatha sabata yonse osaoneka kuti yakhudzidwa, chifukwa zimenezo kawirikawiri zimangosonyeza kuti chakudya chanu chikukwanira.

Chifukwa china chopatulira mbaleyi, ndipo kwa ine ndicho chachikulu, n'chakuti khola la pakhomo silikhala la mathadzi okhaokha. Anapiye ndi misoti imene isanayambe kuikira imafunika kashiamu wapafupifupi 1 peresenti yokha m'chakudya, ndipo ikamadya wochuluka kwa nthawi yaitali impso zake zimawonongeka. Atambala, ndi mathadzi amene aleka kuikira chifukwa akufungatira kapena akuthothoka nthenga, nawonso safunika mlingo wa nkhuku yoikira. Ngati muli ndi nkhuku za misinkhu yosiyanasiyana, ndi bwino zonse zizidya chakudya cha nkhuku zokula kumene, kashiamu n'kukhala pambali kuti wofuna atenge. Misoti muyambe kuiikira mbaleyi ikafika masabata 16 mpaka 18, kapena mukaona lipombo layamba kufiira ndi kukula, kuti nkhokwe ya m'mafupa ija idzaze dzira loyamba lisanabwere.

Makoko a mazira amene mwadya mukhoza kuwabwezera kwa nkhuku, ndipo n'kutaya chuma kuwaponya kudzala. Atsukeni, aumitseni, kenako aikeni mu uvuni wotentha madigiri 120 kwa mphindi 10 kapena 15, kapena awiritseni m'madzi, kuti majeremusi monga Salmonella afe. Akazizira, aikeni m'kathumba n'kugubuduzapo botolo mpaka asanduke tizidutswa tating'ono, koma musawapere kukhala ufa. Kuphwanyaku kumathandizanso kuti nkhuku isazindikire kuti ikudya khoko la dzira, chifukwa thadzi likazolowera kujompha mazira m'chisa limavuta kuliletsa, ndipo anzake amatengera msanga. Koma musadalire makoko okha. Khoko limodzi lili ndi magalamu 2 pamene nkhuku ikufuna 4, choncho ngakhale mutabweza khoko lililonse mungofika theka, komanso makoko ndi opyapyala ndipo amasungunuka msanga kuposa zigoba za oyisitara.

Ena amasokoneza kashiamu ndi timiyala timene nkhuku imameza kuti nthutumba ipere chakudya. Timiyala toperera sitisungunuka ndipo sitipereka kashiamu, pamene zigoba zimasungunuka ndipo sizipera bwino, kotero nkhuku yosatuluka m'khola imafunika zonse ziwiri, chilichonse m'mbale yakeyake.

Kashiamu salowa bwino m'magazi popanda vitamini D3. Nkhuku imapanga vitaminiyu ikamawothera dzuwa, ndipo chakudya chogula chimakhala nayenso, koma nkhuku zotsekeredwa m'khola lamdima n'kumadya mbewu zokha zikhoza kuikira mazira ofewa ngakhale mbale ya zigoba ili yodzaza. Madzi akumwa asamathe, makamaka kukatentha, pakuti nkhuku yaludzu imachepetsa kudya.

Mukayamba kupereka kashiamu, makoko amayenera kuyamba kulimba patapita masiku ochepa kapena sabata imodzi. Ngati papita masabata awiri popanda kusintha, vuto lili pena, ndipo kuthira kashiamu wambiri sikungathandize. Msoti umene wangoyamba kuikira umatulutsa mazira ofewa mwa apo ndi apo mpaka thupi litazolowera. Thadzi lokalamba limaikira mazira akuluakulu koma kashiamu wa khoko sakula nawo, ndiye khokolo limapyapyala. Kukatentha kwambiri nkhuku imapuma mwawefuwefu kukamwa kuli yasa, zimene zimachepetsa kaboneti wa m'magazi wopangira khoko, ndipo pamenepa chofunika ndi mthunzi, mpweya wodutsa m'khola ndi madzi ozizira. Matenda monga chitopa ndi chifuwa chopatsirana chotchedwa infectious bronchitis amawononganso chiwalo choumba khoko, mazira n'kumatuluka amakwinya, otuwa kapena opindika. Mukaona mazira otere pa nkhuku zambiri nthawi imodzi, zina zikutsokomola, kutuluka mamina kapena kuzyolika, patulani zodwalazo ndipo itanani dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.