Kuona ngati dambo lamchere lokwiriridwa lingabwerere mwakale

Achimwene, mwafunsa kuti mukachoka kuno ku Johannesburg kupita ku Swartkops kapena Knysna, malo a ku South Africa komwe mitsinje imathira m'nyanja yamchere, mukayambire pati poona ngati dambo lamchere lomwe anthu analikwirira ndi dothi lingabwerere mwakale. Pezani kaye zithunzi zakale zojambulidwa pandege, muone pomwe dambolo linkalekezera. Kenako boolani nthaka ndi auger (chitsulo choboolera nthaka) mpaka mufike pa matope akuda a dambo lakalelo. Dothi lothiridwa likakhala lakuya, ntchito imakwera mtengo.

Chachikulu ndi kukwera kwa nthaka ya malowo poyerekeza ndi madzi a m'nyanja. Ngati madzi a m'nyanja sakufikapo ngakhale atasefukira mwezi uli wathunthu, Sarcocornia (chomera cha m'madambo amchere) samera bwino, ndipo pomwe palowa madzi opanda mchere bango limalanda malo. Yezani mchere ndi refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi. Wa m'nyanja ndi pafupifupi 35 ppt, ndiye kuti magawo 35 a mchere pa magawo 1,000 a madzi. Onaninso ngati mapaipi odutsa madzi a pansi pa msewu atsekeka.

Dothi lochokera ku mafakitale litumizeni ku labotale musanakumbe, chifukwa nthawi zina mumakhala mtovu.