Ziwengo Zobwera ndi Madzi Ozizira Si Mphere

M'nyengo yozizira ino, poyendera madimba a ku Ngwerere ndi ku Chongwe, ndakumana ndi alimi angapo amene manja ndi miyendo yawo imatuluka mikwingwirima yoyabwa akathirira repu m'mamawa, makamaka akayamba kuwotha moto. Chondidandaulitsa n'chakuti pafupifupi onsewo akuti ndi mphere. Akafika kunyumba amadzikhula ndi chinkhupule kapena mwala m'madzi otentha, kenako n'kupaka benzyl benzoate, mankhwala a mphere amene amawotcha khungu lokhulidwa kale.

Abambo ndi amayi, chizolowezi chotcha chilichonse choyabwa kuti mphere tichisiya liti? Mphere imayamba ndi tizilombo tokumba m'khungu, imayabwa kwambiri usiku, imafalikira m'nyumba yonse, ndipo siizimiririka yokha dzuwa likakwera. Ziwengo zimene ndikunenazi sizipatsirana. Khungu la anthu ena likakumana ndi chisanu, thukuta, kukanda kapena lamba wothina limatulutsa histamine, mankhwala a m'thupi oyambitsa kuyabwa, timitsempha timadontha madzi n'kutupitsa pamalopo, koma pakatha ola limodzi kapena awiri pamaphwa popanda chipsera. Kukhula ndi madzi otentha kumangowonjezera kuyabwako, ndipo zikhadabo zimatsegulira majeremusi njira.

Bambo wina wa ku Chongwe anandionetsa mikono yodzaza zilonda za mafinya. Mayi akunyumba anali atawiritsa mabulangete onse ndi kupaka mankhwala ana omwe sankadwala n'komwe, pamene bamboyo anatha sabata yathunthu osagwira keni. Repu anafota, ndipo ulendo wokagulitsa ku Soweto Market unalephereka. Ndalama ya mankhwala, ya malasha ndi ya ndiwo inapita yonse chifukwa cha chotupa chimene chikanaphwa chokha nthawi ya nsima isanakwane.

Thirirani dzuwa likatuluka, mutavala magolovesi ndi majombo, ndipo musasambe m'damu kapena mumtsinje wozizira, chifukwa thupi lonse likazizidwa nthawi imodzi munthu wa ziwengo zoterezi angathe kukomoka m'madzi. Funsani kukiliniki za mankhwala a ziwengo otchedwa cetirizine kapena loratadine. Wamkulu amamwa 10 mg kamodzi pa tsiku, koma Piriton, mankhwala enanso a ziwengo, amagonetsa. Zikapitirira masabata 6, pemphani kalata yokaonana ndi madokotala a khungu ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Milomo kapena lilime zikatupa, kapena mpweya ukayamba kubanika, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.